Kiyibodi Yothyoka Pakati

Achemwali anga ntchito yawo ndi kutaipa. Anayamba ine ndidakali pasukulu, ndipo sindinawaonepo akugwira ina. Anaphunzirira pa makina akale aja achitsulo, oti ukafika kumapeto kwa mzere kabelu kamalira. Makina amenewo sankafuna ulemu. Batani ukangolisisita, chilembo sichinkaoneka papepala, linkafunika kulimenya ndithu. Ndiye achemwali anazolowera kumenya, ndipo makompyuta atabwera iwo anapitiriza kumenya komweko. Anzathu a m'nyumba yosanja imene timachitamo lendi anawapatsa dzina loti Mayi Matalala, poti akayamba ntchito zimamveka ngati matalala akugwa padenga la malata.

Kachipinda kawo kali pamwamba, ukangomaliza masitepe n'kukhotera kumanja. Kanga, komwe ndimasokera zovala, kali moyang'anizana ndi kawo, moti zitseko zikakhala zotsegula timaonana nkhope tsiku lonse. Mwawo muli tebulo, kompyuta, makina osindikizira, benchi la makasitomala ndi zenera loyang'ana koimika magalimoto. Pabenchipo pamakhala ana a kukoleji ndi zolemba zawo zazitali, alembi a timabungwe ndi mfundo za misonkhano, ofuna ntchito, ndiponso anamfedwa odzataipitsa ndondomeko ya mwambo wa maliro. Masiku ano aliyense ali ndi foni yotha kulemba, komabe munthu akakhala ndi mulu wa mapepala olemba pamanja, amakwera masitepe aja. Achemwali amawerenga zolemba za munthu aliyense, ngakhale zooneka ngati nkhuku yapalasa.

Amuna awo, alamu anga, anamwalira mwana wawo wamkazi ali kusekondale. Zala za achemwali zomwezo ndi zimene zinamuphunzitsa mtsikanayo mpaka kumaliza, ndipo pano amagwira ntchito kuhotela ina kutali.

Vuto linayamba ngati masewera. Ndinkawaona akuima pakati pa ntchito n'kumakutumula manja ngati munthu amene wasamba m'manja koma palibe chopukutira. Ndikafunsa ankati, “Ndi dzanzi chabe, achimwene. Sokani zanu.” Ine n'kumasokadi zanga.

Tsiku lina analowa mwanga ndi bulauzi yawo yobiriwira, imene amaikonda kuposa zonse.

“Muchotse timabatani iti, muike zipi,” anatero.

“Zipi pa bulauzi yotere? Muiwononga, achemwali.”

“Ingoikani.”

Ndinaitembenuza bulauziyo. Mabatani onse anali bwinobwino, palibe lothothoka kapena losweka. Nditawayang'ana, iwo anayang'ana kukhoma, kenako anaulula. Zala zitatu za kudzanja lamanja zinkachita dzanzi m'mawa uliwonse, moti kumanga kabatani kakang'ono inali nkhondo. Kapu ya tiyi inali itawapulumuka kangapo. Ululu unkayambira polumikizira dzanja ndi mkono n'kukwera mpaka pachigongono.

Ndinatseka shopu n'kupita nawo kuchipatala. Dokotala anali mayi wodekha, wosathamangira kulemba mankhwala. Anawagogoda pang'ono pamfundo ya dzanja, achemwali n'kudzidzimuka ngati agwira nthambo yamagetsi. Kenako anati, “Mayi, tayerekezani kuti tebulo ili ndi kiyibodi yanu. Nditaipireni.”

Achemwali anasonkhanitsa manja pamodzi, zigongono kunja, mapewa m'mwamba, n'kuyamba kumenya thabwa.

“Mwaona mmene manja apindikira apa?” anatero dokotala. “Pali mtsempha umene umadutsa pamalo opanikizika pamenepa. Mukaupinda chonchi tsiku lonse, chaka ndi chaka, umatupa. Ndikupatsani chomangira dzanja choti muzivala pogona, ndipo ndikuonetsani moongolera zala. Muzipumira pafupipafupi. Koma chachikulu, pezani kiyibodi yosakukakamizani kupinda manja, ya mabatani osalimba. Zikapanda kusintha tidzakambirana za opaleshoni.”

Mawu oti opaleshoni anawalowa achemwali m'mutu. Titafika pamasitepe anangoti, “Akandicheka manja ndidzadya chiyani?”

Madzulo ake anamuuza mwana wawo pafoni, ndipo mtsikanayo sanachedwe. Sabata isanathe kunafika katoni yaikulu. M'katimo munali kiyibodi yakuda, yolemera, yoti ukailumikiza mabatani onse amayaka, kufiira, kubiriwira, kenako mtundu wa mtambo, kumasinthasintha. Nyumba yonse inabwera kudzaona. Wometa tsitsi wa pansi anati chipinda cha Mayi Matalala chasanduka malo ovinira.

Koma chinali chikomekome cha mkuyu. Mabatani ake anali ataliatali, ndipo kiyibodiyo inali yokwera, moti manja ankapindikira m'mwamba kuposa kale. Ndinkawaona achemwali akuluma mlomo uku akutaipa. Kukutumula manja kuja kunawonjezeka.

“Siikukuyanjani iyi,” ndinawauza.

“Mwana wandigulira ndi mtima wake wonse. Ndiiponye pansi pa tebulo?”

“Munthu akabwera kwa ine ndi jekete yopatsidwa koma ikumuthina m'khwapa, sindimuuza kuti apirire chifukwa anamupatsa ndi malume ake.”

“Inu mumadziwa za majekete.”

Anapirira nayo mpaka tsiku limene analephera kumaliza ntchito ya mwana wina wa kukoleji, n'kumubwezera mapepala ake kuti akapeze wina. Chiyambire ntchito anali asanabwezepo munthu. M'mawa wa Loweruka anaima pakhomo panga, chikwama chili m'khwapa.

“Tiyeni mundiperekeze kusitolo ya makompyuta,” anatero.

Wogulitsa m'sitolomo anali bambo wa imvi zapatalipatali, magalasi ali pamphuno. Achemwali atafotokoza, iye anayala makiyibodi osiyanasiyana pakauntala n'kuti asankhe.

“Bambo, ine sinditaipa choimirira,” anatero achemwali. “Nsapato munthu amayesa atavala.”

Bamboyo anaseka, n'kukatenga mpando ndi katebulo kumbuyo. Analumikiza kiyibodi yoyamba ku kompyuta. Achemwali anakhala pansi, anavula wotchi, n'kuyamba kutaipa mawu a kalata yofunsira ntchito, amene amawadziwa pamtima ngati pemphero.

Yoyambayo inali yopyapyala, mabatani ake ofanana ndi a laputopu. Sanathe nayo ngakhale ndime imodzi. “Iyi zala zikufika pansi msanga. Ndikukhala ngati ndikugogoda simenti.” Yachiwiri inali yaing'ono, yopanda mabatani a manambala a kumbali. Anati manja akuthinana ngati anthu m'basi, komanso ntchito zina za manambala sangazithe. Yachitatu inali yopanda nthambo, yoyendera mabatire. Anaikonda kufewa kwake, koma manja ankapindika chimodzimodzi ndi pa yakale ija. Wogulitsayo sanatope. Ankangochotsa iyi n'kulumikiza ina, uku akuyang'anitsitsa manja awo osati nkhope.

Pomaliza anatsitsa katoni ina pashelefu yapamwamba. Kiyibodi imene inatulukamo inali yachilendo. Mabatani anali m'magulu awiri, lina kumanzere lina kumanja, pakati pali mpata. Pakatipo panali potukuka ngati msana wa kamba, ndipo kutsogolo kunali kamtsamiro kofewa.

“Iyi inapondedwa ndi galimoto?” anafunsa achemwali.

“Ambiri amatero,” anayankha bamboyo. “Musaigwire kaye. Tsitsani mapewa. Tsopano ikani manja patebulo mmene akufunira okha, ngati mukupuma.”

Achemwali anaika. Manja sanasonkhane pamodzi. Anagona motalikirana pang'ono, zala zikulozerana chapatsogolo, zala zazikulu zili chokwera. Wogulitsayo anakankhira kiyibodi ija pansi pa manjawo, ndipo magulu awiri a mabatani aja anafika ndendende pamene panali zala.

Anayamba kutaipa. Zimene zinkatuluka pasikirini zinali zamanyazi, zilembo zosowa, mawu olumikizana. Koma ine ndinali kumbuyo kwawo, ndipo ndinaona mapewa ali pansi, zigongono zili m'mbali mwa thupi. Anataipa nthawi yaitali osaima, mpaka kasitomala wina analowa, anagula zake n'kutuluka.

“Ndikulemba ngati mwana wa sitandade wani,” anatero pomaliza. “Koma apa sipakukoka.” Analoza pamfundo ya dzanja.

“Zolakwazo zidzatha. Mabatani ake safuna mphamvu, muzingowakhudza,” anatero wogulitsa. “Kaiyeseni kuntchito kwanu. Ikakukanikani mubwere nayo, tidzaona ina.”

Inali yokwera mtengo kuposa zonse zimene anayesa. Ndinayamba kuwanong'oneza kuti mwina tiganizirenso ya mabatire ija, koma anandidula. “Achimwene, manja sagulitsa m'sitolo.”

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda, koma masiku oyamba anali owawa. Zinapezeka kuti moyo wawo wonse achemwali ankamenya chilembo cha b ndi chala cha mkombaphala cha kumanja. Pa kiyibodi yatsopanoyi b anali ku gulu la kumanzere, ndiye chala chija chinkangogwera mumpata wa pakati, pomwe palibe kanthu. Liwiro lawo linatsika. Pabenchi anthu ankayang'ana mawotchi.

Tsiku lina kunabwera bambo wina kudzataipitsa ndondomeko ya maliro a bambo ake. Achemwali atamaliza anamupatsa pepala loyamba kuti aone asanasindikize ambiri. Munthuyo anawerenga, n'kuloza ndi chala mwaulemu.

“Pepani mayi, apa palembedwa kuti ‘malemu amo athu’.”

Mawu oti bambo anali atataya ma b ake onse awiri. Achemwali anapepesa, anakonza, anasindikiza, ndipo munthuyo anapita osadandaula. Koma atangotsika masitepe, chitseko chawo chinatsekedwa. Nditalowa ndinawapeza atatulutsa kiyibodi yawo yakalekale, yofufutika zilembo, imene ankataipira mwana wawo asanatumize yake ija, ataiika pamiyendo.

“Ndakalamba,” anatero. “Pamaliro pa munthu ine n'kulemba zoseketsa. Mwina ndingobwerera ku iyi, ndigwire mpaka pamene manja adzakanire.”

Ndinakhala pabenchi. Iwo anapukuta fumbi pa kiyibodi yakaleyo ndi m'mphepete mwa nsalu yawo, n'kuibwezera mukabati.

“Aphunzitsi athu a taipi ankatimenya zala ndi rula chifukwa cha b yemweyu,” anatero. “Ine ndinkawazemba. Wandipeza ndili ndi imvi.”

Kuyambira m'mawa wotsatira ankafika anthu asanayambe kubwera, n'kumataipa ngati wophunzira: bambo, buku, bwalo, mbale, bwenzi, mobwerezabwereza. Ankadziletsanso kumenya. Chala chikatsika ndi mphamvu ankadzidzudzula yekha mokweza, ine kumamva ndili kwanga. Tinaona kuti tebulo lawo ndi lalitali, ndiye kalipentala wa kuseri anadzadula miyendo yake pang'ono. Ine ndinawasokera khushoni yolimba ya pampando kuti zigongono zifanane ndi tebulo. Za kupumira zija anazipezera njira yawoyawo. Akamaliza masamba angapo amadzuka n'kuwolokera kwanga, kudzaongola zala uku akundiuza za anthu onse a m'nyumbamo. Ndimawauza kuti mankhwala a dokotala asanduka miseche, iwo amati ndi mmene amagwirira ntchito bwino.

Chinatsala ndi kumuuza mwana wawo. Anazengereza, kenako tsiku lina masana anamuimbira ine ndili pomwepo.

“Mwanawe, kiyibodi yako ija ndi yokongola, koma inkandipweteka. Ndagula ina.”

“Amayi, bwanji osanena msanga? Mwakhala mukuvutika chifukwa cha ine?”

“Ndimaopa kukukhumudwitsa.”

“Ine ndinangoona magetsi aja ndi mtengo wake, ndiye ndinati basi ndi yabwino. Mundisungire, ndidzaitenga. Yatsopanoyo ndi yotani?”

“Yonyansa. Ili ngati yothyoka pakati.”

Ndinamva mtsikanayo akuseka pafoni, ndipo achemwali anaseka naye mpaka kupukuta misozi.

Panapita miyezi ingapo. Liwiro linabwerera, ndipo b anakhazikika kwawo kumanzere. Dzanzi la m'mawa linayamba kuchepa, kenako kumabwera mwa apo ndi apo. Silinatheretu. Kukazizira, kapena nthawi imene ana a kukoleji onse akufuna zawo tsiku limodzi, dzanja limawakumbutsa, ndipo aphunzira kuuza munthu kuti abwere mawa. Titabwerera kuchipatala dokotala anawagogodanso pamfundo paja, achemwali osadzidzimuka. Anati za opaleshoni tiziike kaye pambali.

Posachedwapa kunakwera mayi wina wa mu ofesi ya inshuwalansi ya tsidya lina la msewu, bandeji ili padzanja. Anati wamva kuti kuno kuli kiyibodi yochiritsa, ndiye akufuna dzina lake akagule yomweyo.

“Siichiritsa, imangosiya kukupweteka,” anatero achemwali. “Ndipo musagule chifukwa ndagula ine. Khalani apa muiyese.”

Mayiyo anakhala. Anali wamfupi, wa timanja tating'ono, ndipo zala zake zinkavutika kufika mabatani a mzere wapamwamba. Achemwali anamuyang'ana kwa kanthawi n'kupukusa mutu.

“Iyi yakukulirani. Kusitoloko ziliko zina. Muli ndi nthawi yopuma masana ano?”

Mayiyo anati ali nayo. Achemwali anazimitsa kompyuta, anatenga chikwama, n'kusuzumira mwanga.

“Achimwene, mundiyang'anireko pakhomo. Akabwera mlembi wa bungwe la aphunzitsi uja, zake zatha, zili mu envulopu yapamwamba.”

Anatsika masitepe awiriwo, achemwali ali patsogolo, akumufunsa mnzawoyo kuti tebulo la ku ofesi kwake limamufika pati.