Shaki ya Pachikwangwani Changa

Fakitale itatichotsa ntchito, ndinayamba kugulitsa nsomba za ku Chanyanya, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue. Ndinalemba Ba Mweemba, mkulu wodziwa zamalonda, kuti azibwera kawiri pamlungu kudzatsogolera malonda anga. Iwo anati, "Tiyeni pa siteshoni, tizilawitsa okwera maminibasi nsomba yokazinga."

Ndinaona ngati zachimidzi. Mwakabisira ndinapita kwa otsatsa malonda a ku Lusaka, mbava zovala mataye zija. Anandijambulira chikwangwani chachikulu cha shaki, chinsomba cholusa cha m'nyanja yamchere, mano pamtunda, ngati mu Kafue muli shaki! Msika wonse unafa ndi phwete. Asodzi atandifunsa, ndinayankha kuti, "Ni nzeru za Ba Mweemba izi."

Ba Mweemba atamva, anasiya ntchito. Mpaka lero ana amawakuwiza kuti "Ba Shaki". Ndikamva ndimapsa mtima, koma pakamwa panga, chitsiru ine, sipatseguka kuti ndiulule zoona.