Pini wa Stafford Nyirenda

Stafford Nyirenda wakhala akucheka matabwa ku Chikangawa chiyambire unyamata wake, ndipo sowo yamulawapo kambirimbiri. Choncho pa nkhani ya magazi sankafuna kuuzidwa. Iye ankati malungo enieni amadetsa magazi. Akakhala ofiira ndiye kuti ndi chimfine chabe, munthu adzuke akagwire ntchito. Nzeruzi anazitola kwa malemu bambo ake, amene ankatemera anthu mphini. Pachipewa chake pankakhala pini, ndipo aliyense wotentha thupi m'nyumba mwake ankayamba wabayidwa chala. Anzake a m'nkhalango ankamuseka kuti ndi dokotala wa utuchi, komabe ena mwa osekawo ankabwera mozemba kudzapereka chala.

Dzinja lapitali mwana wake wotsiriza, Esme, anatentha thupi. Anamubaya, magazi ofiira. M'mawa mwake anamubayanso, ofiirabe, mwinanso oyererako, ndipo bamboyo anakondwa.

"Bambo a Esme, ndapota, tiyeni naye kuchipatala," anatero mkazi wake Fyness. "Mwanayu wafooka chomene."

"Magazi ali bwinobwino awa. Mumupatse panado, mbwenu."

Anadzakwera naye lole ya matabwa kupita ku Mzimba mwana atasiya ndi kulira komwe, zikhatho zili mbee. Namwino anati ndi malungo, ndipo amutha magazi. Pafunika owonjezera, apo ayi sachira. Stafford anapinda mkono wa shati mwachangu, poti iye anali wathanzi ngati ng'ombe yapagoli. Koma atacheukira thumba limene linkadzaza pambali pake, anachita mantha. Magazi akewo anali akuda.

"Musamupatse amenewo!" anakuwa. "Ndi odwala!"

"Adada, a mumtsempha amaoneka choncho kwa aliyense," namwinoyo anayankha osatukula mutu. "Malungo sitiwadziwira mtundu wa magazi. Khalani phee, singano ingatuluke."

Anakhaladi phee. Sanatsutse, chinthu chachilendo kwa Stafford. Manyazi anamugwira.

Esme anachira, ngakhale kuti zinatenga nthawi. Tsiku limene anatsegula maso n'kupempha madzi, bambo ake anasendera pabedi mosangalala kuti amugwire dzanja. Mwanayo anawayang'ana, nafumbata zala zake zonse, n'kuzibisa m'chitenje cha mayi ake.

"Ndachira, adada," anatero ndi mawu otsika. "Musandibaye."