Nkhuku ya a Diana

Azakhali anga a Filomena sagonja pa nkhani ya mphika. Mukawauza kuti ndiwo zachepa mchere, amakuyankhani kuti lilime lanu ndiye ladwala. Koma panali chakudya chimodzi chimene chinawasowetsa mtendere zaka makumi awiri, ndipo ine ndekha ndinkadziwa.

Ali mtsikana, ankaphikira a Diana, nesi wochokera ku Philippines amene ankagwira ntchito pachipatala cha mishoni kuno ku Katete. A Diana ndiwo anawaphunzitsa adobo, nkhuku yophika mu viniga, sosi wakuda wa soya, adyo wambiri, tsabola wakuda ndi masamba onunkhira. Tomato ayi, anyezi ayi. Loweruka lililonse ankadyera limodzi pakhonde ndi mpunga, pamodzi ndi a Tobias, malemu amuna a azakhali, amene masiku amenewo anali akufunsira kumene mbeta ndipo ankafika nthawi yopakula ngati anunkhiza.

A Diana atabwerera kwawo, azakhali anapitiriza kuphika adobo pa Khirisimasi iliyonse. Ife tinkanyambita zala. Iwo ankalawa msuzi, n'kukwinya nkhope.

"Yawawasa. Si iyi," ankandinong'oneza.

Anasintha viniga, anayesa tambala, anayesa msoti, anaitanitsa sosi ku Chipata. Msuzi unkalumabe pakhosi. Ndinawauza kangapo kuti tilembe kalata tifunse. Anakana, ati mayi wamkulu safunsa kaphikidwe ka nkhuku. Zinkandikwiyitsa, pajatu safunsa anadya phula.

Chaka chatha kunabwera uthenga woti a Diana, atapuma ntchito, abwera kudzaona kumene anakhalako, ndipo kwathu adzangokhala masana amodzi. Azakhali anandiuza mosabisa kuti akuopa. Akanapanda kupeza cholakwikacho tsiku limenelo, basi, sakanachipezanso.

A Diana anafika imvi zili mbuu, Chinyanja chawo chitachita dzimbiri koma chikumveka. Azakhali anawayalira mphasa pamthunzi, poti mlendo salowa kukhitchini. Koma mlendoyo ananyamula kampando n'kukakhala pambali pa mbaula.

Azakhali anakazinga adyo, anaika nkhuku, anathira sosi ndi madzi pang'ono. Kufunsa osafunsa ndithu, milomo ili tseke. Kenako anathira viniga, ndipo dzanja linapita lokha ku chipande, monga limachitira dzanja la mayi aliyense kwathu kuno akathira kanthu mumphika.

A Diana anawagwira mkono.

"Filo! Osatakasa! Viniga awire yekha poyamba, ukali uchoke. Osavundikiranso. Mwaiwala?"

Azakhali anayang'ana chipande, anayang'ana mphika.

"Mayo ine, Sisita. Zaka zonsezi ndakhala nditakasa."

"Ndiye imawawasa, eti?"

"Imawawasa, Sisita."

Anaseka onse awiri mpaka kutsokomola ndi utsi. Chipande a Diana anachilanda n'kuchikhalira, chifukwa anaona kuti dzanja lija silinamve. Fungo lakuthwa linakwera, linatiyetsemulitsa, kenako linafatsa. Nkhuku inawira pang'onopang'ono mpaka msuzi unada n'kukhuthala.

Tinadyera pakhonde. A Diana anawonjezera kawiri. Azakhali analawa msuzi kamodzi, n'kuika mbale pansi. Ndinaganiza kuti yalakwikanso.

"Azakhali, bwanji?"

"Ndi iyi," anatero. "Ndi iyi yeniyeni."

Sanadyenso. Misozi inayamba kutsika, ndipo ine chisoni chinandigwira, pakuti ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pamaliro. Galimoto itabwera kudzatenga a Diana, azakhali anawaperekeza mpaka kumsewu atagwirana manja.

Pobwerera anaima pafupi ndi mphika, n'kunena motsitsa mawu: "A Tobias anadya yowawasa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mpaka kumwalira. Khirisimasi iliyonse ankandiuza kuti ikukoma ngati ya a Sisita."