Zingwe za a Khukhi

Mvula ikagwa masiku atatu osakata, utsi wa nkhuni zonyowa n'kuyamba kuwawa m'maso, mtima wanga umabwerera ku Zingalume, m'kakhitchini ka a Simeoni, momwe zingwe zachikasu zinkalendewera pa nsungwi pamwamba pa moto, nkhuku zikudzikung'untha pakhonde, eni ake akuimba nyimbo ya kwaya ndi mawu osasa, n'kumaidukiza ndi chifuwa. Tinali oyandikana nyumba. Dzina la Simeoni linkamveka kutchalitchi kokha. Mudzi wonse unkangoti a Khukhi, chifukwa anakalambira ku mishoni akuphikira ansembe achizungu.

Atapuma ntchito anabwera ndi njinga ndi nkhuku zofiira zomwe zinkaikira tsiku ndi tsiku koma osafuna kufungatira. "Nkhuku zophunzira izi," ankatero, "kubereka zimadziwa, kulera zimasiyira anzawo." Mazirawo ankapita nawo ku Chadiza atawakwirira m'chitini cha gaga kuti asasweke. Koma dzinja mtsinje ukadzaza njira inkatsekeka, mazira n'kuunjikana m'lichero, ndipo a Khukhi anali munthu woti kutaya chakudya ankakuona ngati tchimo lokalapa. Apa m'pamene ankapanga chakudya chomwe anaphunzira kwa ansembe aja. Iwo ankati pasita, ife ana tinkati zingwe.

Ankaunjika fulawa pa thabwa, kukumba kadzenje pakati, kuswerapo mazira, kuwaza kamchere, kenako kukanda mpaka mitsempha ya m'manja kutuluka. Akavundikira ndi mbale ankati, "Nayenso apumeko, tamuvutitsa." Pambuyo pake ankafutukula ndi botolo mpaka kupyapyala koti n'kuonera mizere ya thabwa, kupinda ngati chitenje, kuchekacheka, n'kuyanika. Dzira limawola, koma zingwe zikauma bwino zinkakhala masabata m'chitini.

Chaka chomwe ndinadwala chikuku ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chikuku chinatha koma ine sindinadzuke. Tsitsi linafiira n'kumathothoka, mapazi anatupa, phala ndinkangolilavula. Anamwino kukiliniki anauza amayi kuti azindipatsa mazira. Amayi anagwedeza mutu mwaulemu, koma titangotuluka anandibereka n'kunena chapansipansi kuti, "Mazira okha ayi."

Kwathu ankati mwana akadya mazira amagwa khunyu. Ambiri ankangonena ndi pakamwa, koma amayi anali ndi manda oloza. Mlongo wanga Paulo, yemwe sindinamuone, anadya dzira kwa anzake, m'mawa mwake anayamba kuphiriphitha n'kukomoka, ndipo dzuwa silinalowe ali moyo. Lero ndimaganiza kuti anali malungo. Komabe amayi sindiwaimba mlandu, munthu amene waikapo mwana m'manda suungamuuze zoopa ndi zosaopa.

A Khukhi anayamba abwera ndi mazira anayi m'chipewa. Amayi anagwada, kuthokoza, n'kuwabweza onse anayi. Patapita masiku awiri mkuluyo anatulukiranso chakumasana ndi mbale yovundikira. Anali atawiritsa zingwe zija n'kuzithira tomato, anyezi ndi nsinjiro, zomwe ankati ansembe akanaziona akanagwira pamutu. Fungo lake linandidzutsa pamphasa. Ine ndinkadziwa zomwe zinali m'menemo, poti ndinali nditaonerera kangapo akukanda, koma ndinatseka pakamwa.

Amayi analawa kaye okha, monga ankachitira ndi chilichonse chopita m'kamwa mwanga.

"Zakomatu agogo," anatero. "Nanga mwathiramo chiyani kuti zichite chikasu chonchi?"

A Khukhi anavula chipewa n'kuchiika pabondo. "Amake Tereza, ine Lamulungu ndimalandira Ukaristiya, bodza sindinganene. Mukandifunsa kachiwiri ndikuuzani zonse. Koma muyambe mwamuyang'ana mwanayu mapazi."

Amayi anandiyang'ana mapazi. Anasindikiza chala pamwamba pa phazi langa, chalacho n'kusiya kadzenje kosabwerera msanga. Sanafunse kachiwiri. Anatapa zingwe ndi zala n'kundiika m'kamwa.

Tsiku limenelo kumunda sanabwerereko, ngakhale udzu unali utamiza chimanga. Anandiika pamiyendo, dzanja limodzi pachifuwa panga, linalo lili ndi kolona, kudikira kuti ndiyambe kuphiriphitha ngati Paulo. Ndikangotembenuka ankadzidzimuka. Ine ndinangogona tulo ta munthu wokhuta, ndipo nditadzuka ndinafunsa ngati zatsalako. Ndikaganiza za masana amenewo misozi imandilengeza, chifukwa ndikudziwa tsopano kuti amayi ankakhulupirira kuti mwina andipha ndi dzanja lawo.

M'mawa mwake anapita okha kwa a Khukhi kukabweza mbale, atadzazamo nsinjiro. Anaima panja pa khitchini, osalowa, osasuzumira. Zinapitirira choncho masabata angapo: mbale kupita ndi nsinjiro, kubwera ndi zingwe. Mawu oti dzira sanatuluke pakamwa pa aliyense wa awiriwo. Mtsinje utaphwa njinga ya a Khukhi inakhalabe yotsamira pakhoma, ndipo anthu akawafunsa chifukwa chomwe asiyira kupita kutauni ankaseka n'kunena kuti, "Nkhuku zanga zapeza kasitomala wapafupi."

Kutupa kunaphwa, tsitsi linameranso lakuda. Tsiku lomwe ndinathamangitsa nkhuku zawo mpaka kuseri kwa nkhokwe, a Khukhi ananditulukira ndi mthiko. "Iwe Tereza, zakulera zimenezo. Uziti zikomo ukakumana nazo." Anamwalira ine ndili kusekondale, ndipo ndinamva ataikidwa kale. Nkhuku ndinazipepesa tsiku lija, koma eni ake sindinawathokozepo, ndipo zimandiwawa mpaka pano.

Tsopano ndimakhala ku Chadiza, ndili ndi ana anga ndi khola langa kuseri kwa nyumba. Mazira akachuluka ndimakanda ngati mmene ndinaonera, ngakhale zanga zimatuluka zonenepa, zoti mkulu uja akanandibweza nazo. Amayi akalamba, ndipo mpaka lero sanapatsepo mdzukulu dzira ndi dzanja lawo. Koma akabwera kudzacheza amalowa okha m'khola, kutolera mazira onse m'chitenje, kuwaika pa tebulo n'kunena kuti, "Uwapangire ana zija za a Khukhi." Akatero amatuluka kukakhala pakhonde, ndipo salowanso mpaka nditataya makoko.