Tinatsika Mtsetse ndi Giya Faifi

Amayi anga anafera pagalimoto yathu, oyendetsa ali amuna anga, ine nditakhala pambali pawo. Inu owerenga, sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni. Ndikungofuna kuti amene mumagwira chiwongolero mumve momwe zinayendera.

Zinali zaka zoyambirira za matipate. Amuna angawo, bambo a Madalitso, anali kalaliki ku Lilongwe, koma ntchito itatha tinabwerera kwathu ku Mitundu. Ndi zomwe anawapatsa kuntchitoko anagula pikiapu yakale, nayamba matola. Sanali munthu wa mowa kapena wothamangitsa galimoto. Chomwe chinkawasowetsa mtendere ndi mafuta, chifukwa nthawi imeneyo ankangokwera mtengo.

Ndiye anaphunzira kuyenda ndi giya ya pamwamba. Akangonyamuka, ankafulumira kusintha mpaka folo, kenako faifi, n'kukhala pomwepo. Ankandiuza kuti injini ikamalira kwambiri ndiye kuti ikumwa mafuta, koma ikakhala mu faifi imangong'ung'udza. Pamsewu wosalala zinali zoona, ndipo anzawo a matola ankawasirira. Inenso ndinkanyadira kuti ndinakwatiwa ndi munthu wosamala. Vuto ndi lakuti chizolowezicho chinakula. Ngakhale pamtsetse ankasiya mu faifi, n'kumangodalira mabuleki.

Tsikulo linali Loweruka la m'chilimwe. Achimwene anga ankakwatira ku Nathenje, ndipo ife ndi amene tinanyamula akuchimuna. Kumbuyo tinakweza matumba a ufa, nkhuni, mgolo wa thobwa, ndi azimayi ambiri ndithu. Ndinawapempha amayi kuti akhale kutsogolo chifukwa cha fumbi, koma anakana akuseka.

“Ine ndikapanikizane ndi apongozi anga? Khala iweyo ndi mwanayo, ine ndikayimba ndi anzanga kumbuyoku.”

Anakwera, n'kukhala pathumba la ufa, atamanga duku yatsopano. Ine ndinalowa kutsogolo ndi Madalitso, amene anali akuyamwabe.

Tinadzera msewu wafumbi wodutsa m'midzi. Uli ndi timitsetse tingapo, ndipo paliponse amuna anga ankangoponda buleki, giya osaigwira. Tisanafike pamtsetse wautali wotsikira kukamlatho, ndinamva fungo ngati la chinthu chopsa. Ndinawauza.

“Bambo a Madalitso, kukununkhatu. Bwanji mutsitse giya?”

“Usadandaule, mayi a Mada. Tiyenera kubwerera ndi mafuta omwewa.”

Ndinangomukumbatira Madalitso. Kumbuyo ankayimba nyimbo za ukwati, ndipo mawu a amayi ndinkawamva bwinobwino, chifukwa ndi amene ankatsogolera.

Pakati pamtsetsepo ndinaona phazi lawo likuponda buleki mpaka pansi, galimoto osamva. Anapondanso kangapo. Kenako anaponda kilatchi kuti alowetse giya thu, koma liwiro linali litachuluka. Giya inangokukuta mano n'kukana. Anayesa firi, inakananso. Apa galimoto inali itachoka mu faifi, osalowanso mu giya ina iliyonse, ndipo inkangoyenda yokha. Sanakuwe. Anangoti, “Gwira mwana.”

Pakona ya kumlathoko tinagubuduka.

Sindikumbukira phokoso lake. Ndikukumbukira ndikutuluka pawindo, mwana ali m'manja, akulira koma ali bwinobwino. Paliponse panali mbuu ndi ufa, thobwa likuyenderera mumsewu. Azimayi ena ankabuula, ena ankakwawa. Amayi ndinawapeza m'ngalande, mgolo utawapsinja pachifuwa. Ndinawapukuta ufa kumaso ndi chitenje changa. Ndinawakonzera duku. Anthu a m'mudzi wapafupi atafika anandifunsa ngati ndikuwadziwa, ine n'kuyankha kuti eya, ndi amayi anga, ngati akundifunsa njira.

Amuna anga anangotupa pamphumi. Anakhala m'mbali mwa msewu atagwira makiyi.

Uthenga unakafika ku Nathenje anthu atavala kale. Chakudya chomwe anaphikira ukwati anadya ndi anthu obwera kudzatipepesa. Azimayi awiri anathyoka miyendo, mmodzi mpaka lero amayenda ndi ndodo, ndipo ndimakumana naye pamsika. Timapatsana moni.

Pamaliro sindinalire. Anthu ankati ndalimba mtima, ena ankati misozi idzabwera pambuyo. Ndinaidikira, koma sinabwere. Apolisi anadzatenga amuna anga, mlandu unazengedwa, ndipo patapita nthawi anabwerera kunyumba. Achibale anandiuza kuti ndiwasiye. Achimwene anga anasiya kuponda pakhomo pathu. Ine sindinawasiye, komanso sindinganene kuti ndinawakhululukira. Ndimawaphikira, ndimawachapira, timapita limodzi kumunda. Sanagwirenso chiwongolero. Nkhani ya tsiku limenelo sitinaikambepo ngakhale kamodzi. Pikiapuyo inakhala kuseri kwa nyumba mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira, kenako tinaigulitsa kwa okhoma mbaula.

Pambuyo pake ndi pamene ndinadzamva kwa madalaivala ena kuti giya ya pansi imagwira galimoto pamtsetse, ndipo mabuleki amapumako. Akakhala okha pakatundu wolemera amatentha n'kusiya kugwira. Anatinso mukatsika ndi giya ya pansi phazi litachoka pachopondera moto, mafuta omwe mungataye si oti n'kuwadandaula. Ndinangomvetsera, n'kuthokoza, n'kumapita.

Inu owerenga amene mumayendetsa galimoto, folo ndi faifi ndi zabwino, zigwiritseni ntchito pamsewu wosalala, musunge mafuta anu. Koma mukaona mtsetse, makamaka mutanyamula anthu, tsitsani giya mukadali pamwamba, galimoto isanathamange. Ikathamanga siidzakulolaninso. Injini ilire, isiyeni ilire.

Ndipo inu amene mumakhala pampando wa pambali, mukamva fungo lachilendo musalankhule kamodzi n'kusiya chifukwa choopa kuoneka amwano. Nenani kuti aime, mutsike. Madalitso pano ndi wamkulu, ndipo tsiku lina anandifunsa kuti agogo ake anali munthu wotani. Ndinamuuza kuti ankayimba bwino. Zina zonse ndinalephera.