Batire ya Atate

Anzanga, ndinakumana naye mu Julaye 1996, ndili ndi zaka 19, pa msewu wafumbi wochokera ku Chongwe kupita kwathu ku Nkomeshya.

Ndinkakankha njinga, pakaliyala nditamangapo batire ya galimoto. Kwathu kunalibe magetsi, ndiye batireyo ndi imene inkaliza wailesi ya atate. Kukatchajitsa inali ntchito yanga. Atate sankalola wina aliyense kuigwira.

Pansi pa mtengo wa mpundu panaima kagalimoto koyera, boneti ili yasa. Mnyamata wa shati yabuluu anali atagwira mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, akusuzumira msewu wopanda galimoto ina.

Ataona katundu wanga anaomba m'manja.

"Ba sisi, Mulungu wakutumani! Nenze kumvela nyimbo injini ili off, manje motoka yakana. Nibwelekeniko mphamvu."

Ndinayang'ana pansi. "Ni ya atate."

"Two minutes chabe, napapata."

Ndinaitsitsa. Iye ndi phuma lake anatenga waya wakuda n'kulunjika nawo pa plus.

"Ayi!" Mawu anandipulumuka okha. "Wofiira pa plus, wakuda pa minus. Muzaocha zonse."

Anasinthanitsa mawaya aja n'kundicheukira.

"Iye! Kansi ndimwe ba makanika? Zina ndimwe ba ndani?"

"Tisauke."

"Ine Lawson. Lelo mwanipulumusa kawili."

Anapotokola kiyi, injini n'kulira. Mtima wanganso unachita chimodzimodzi, anzanga, musandiseke...

Ankagwira ntchito ku Lusaka, ku kampani ya mbewu, ndipo Loweruka lililonse ankayendera alimi akwathu. Ndiye anati: "Osavutika na njinga. Tizimanga batire yanu mu motoka yanga. Motoka ikayenda, batire izula yeka."

Chikondi chathu chinayamba choncho.

Loweruka ndinkamudikira pa mpundu paja. Tinkachotsa batire yake, kumanga yathu, njinga n'kuibisa m'tchire. Kenako ulendo wa ku Chalimbana, kupita n'kubwerera.

Ndinali ndisanakhalepo kutsogolo kwa galimoto. Mphepo inkandivula duku, minda yokolola kale ikuthawira kumbuyo, kaseti ikulira chapansipansi. Ndinkamusendera mtedza wokazinga n'kumuikira m'dzanja mmodzimmodzi, iye akuyendetsa ndi dzanja linalo.

Tikayandikira pa mtengo ankati, "Ah, ikalibe kuzula. Tizungulukenso."

"Mwaziba bwanji? Simunaone."

"Nimvela mu mtima, Tisa."

Ndinkabisa nkhope m'chitenje.

Tsiku lina anandiuza za nyumba yake ya ku Lusaka, kuti ukangodina pakhoma kumawala. Sabata yonse ndinkasinja chimanga ndikudziona ndili m'nyumbamo, ndikudina, kuzimitsa, kudinanso...

Atate sankadziwa kanthu. Ankangoyamikira kuti masiku ano batire ikukhalitsa.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Lawson anandigwira dzanja.

"Nifuna nikauze amalume za iwe, babwele kwanu. Koma batire yanga yafelatu. Nibweleke yanu, one week chabe."

Ndinalingalira kwambiri, ine munthu woti mazira ndimawerenga kawiri. Koma mawu oti amalume aja anandigonjetsa.

Kunyumba ndinati, "Atate, kotchajitsa magetsi azima. Akuti sabata yamawa."

"Ngati wanena ndi iwe, mwanawe, ndiye zili choncho."

Limenelo linali bodza langa loyamba kwa iwo.

Sabata inatha. Yachiwiri. Yachitatu. Pa mpundu ndinkangopezapo mbuzi. Atate akaweruka kumunda ankakhala pakhonde pambali pa wailesi yosalankhula, akuipukuta fumbi, osandifunsa chilichonse. Kusafunsako n'kumene kunkandipweteka.

Loweruka lina msuweni wanga Nelesi anandikoka. "Tiye ku Chongwe tikaoneko ukwati wa ba Fridah, aphunzitsi aja. Akuti mwamuna ni wa ku town!"

Tinafika pa njinga anthu akutuluka m'tchalitchi, nthungululu zili pakamwa. Kutsogolo kwa mzere wa magalimoto kunali kagalimoto koyera, katavekedwa maliboni. Mkwati atavala suti ankatsegulira mkwatibwi chitseko.

Lawson!

Anzanga, ine amene ndinkaopa ngakhale kufunsa mtengo wa tomato, sindikudziwa chimene chinandiyendetsa. Ndinatulutsa sipanala m'kachikwama ka njinga n'kukaima kutsogolo kwa galimotoyo.

"Ba Lawson, segulani boneti."

Nkhope yake inagwa. Anayandikira n'kunong'ona, "Tisa, osati lelo. Nizakufotokozela."

"Ni ya atate."

Mkwatibwi anatulutsa mutu pawindo. "Dear, ni ndani uyu?"

Ndinadikira. Mpaka nthawi imeneyo ndinkayembekezabe kuti atchula dzina langa.

"Ah, ni kamtsikana ka batire chabe."

Anatsegula. Nthungululu zinazima. Ndinamasula manati onse bwinobwino, kuwaika pamodzi padenga la galimoto kuti asawasowe, n'kunyamula batire yathu. Kumbuyo ndinamva abambo a masuti akufunsana amene angamubwereke batire yake.

Ndinalira njira yonse, Nelesi akukankha njinga.

Kunyumba ndinagwada n'kuwauza atate zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto. Sanakalipe. Analumikiza mawaya, wailesi n'kuyamba kulankhula.

Batire itatha mphamvu ndinadzuka m'mamawa kupopa njinga monga kale. Atate anatuluka atanyamula batireyo okha.

"Khala, mwanawe. Ndipita ndekha."

Lawson ndinamuiwala patapita chaka. Koma atate akupalasa njinga m'mawa umenewo, mawondo awo odwala akukwera n'kutsika, ndimawaonabe mpaka lero.