Miyala ya Bwana M'chigafa

Usiku ulionse Lefina ankagona akumva pampu ikung'ung'udza m'chigafa, kuseri kwa kanyumba kawo. Usiku umene idatsokomola n'kukhala chete, iye ndiye adayamba kudzidzimuka, mwana ali kubere.

Lefina adachokera ku Phalombe. Sukulu adaisiyira folomu thuu, n'kutsata mwamuna wake Lemani ku esiteti ina ya ku Wimbe, kukakhala matenanti a fodya wa bale. Tenanti amadya chimanga chopatsidwa, thukuta lake amaliona fodya akagulitsidwa. Akakuthamangitsa fodya ali m'chigafa, umachoka ndi mphasa yokha.

Chaka chimenecho a Patrick, mwana wa mwini esiteti, adabwera ndi miyala yochokera kunyanja ya mchere ku Tanzania. Ati adzaiika m'thanki yagalasi, kunyumba kwawo ku Lilongwe, nsomba zamawangamawanga zizisewera m'mabowo mwake.

"Miyala iyi ndi yamoyo," adatero. "Muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Ikhale mumgolo uwu m'chigafa muno, m'madzi amchere, mumdima, pampu isazime, mpaka fungo lithe. Ikafa, inunso muziona msewu."

Ntchito yosintha madzi idagwera Lefina. Ankajiga pamjigo, kusenza ndowa, kusungunula mchere wa m'matumba olembedwa Chingerezi, mwana wake Chisangalalo ali kumsana. Manja adang'ambika. Mwana ankasamba madzi otsala, miyala ikulandira oyamba. Kunyumba ndiwo zinkadyedwa zosakolera, koma mchere wa miyalawo adamuuza kuti asaulawe n'komwe.

Ndiye usiku uja batire ya sola yoyendetsa pampu idatha, poti kudachita mitambo sabata yonse. Pofika m'mawa, mgolo udali kununkha ngati galu wofera m'chitsime. Kapitawo, amene adali ndi foni, adali kumaliro ku Mtunthama.

"Abambo a Chisa, musaigwire. Bwana adati miyalayi ikhale m'madzi," adatero Lefina.

"Iwe, fodya ndayamba kumusamala usanamere mano," adatero Lemani. "Chinthu chikayamba fungo ndiye kuti chachita chinyezi. Mankhwala ake ndi mphepo. Ukufuna ichite chuku?"

"Si fodya uyu."

"Nanga ndi azakhali ako? Tenga ndowa uzipita kumjigo, mai folomu thuu."

Pobwerako adapeza Lemani atayala miyala yonse pathandala, motalikirana bwinobwino monga amachitira ndi masamba, kuti mphepo izidutsa. Ankaimba mluzu. Lefina adafuna kuibweza, koma kudalibe madzi osungunulira kale mchere, ndipo Chisangalalo adayamba kutsegula m'mimba. Tsiku lidathera kuchipatala.

Madzulo fungo lidali litatha ndithu. Miyala idauma gwaa. Timawanga tofiirira timene tidali pamiyalapo tidafuwa, ndipo m'mabowo mudali tinyongolotsi touma ngati ulusi. Lemani adatola kamodzi, kadafumbutuka m'zala. Mluzu uja udathera pomwepo.

"Amake Chisa... ndikauze kapitawo akabwera?"

Lefina adayang'ana fodya wawo ali lendee pamikangala, wofiirira bwino, wosokedwa ndi manja ake omwe ong'ambikawo. Adayang'ana mwana, maso atalowa m'kati. Ku Phalombe kudalibe munda wowadikira. Chigumula chidaukwirira ndi miyala, yeniyeni, yosafuna mchere.

"Mukamuuze chiyani? Kuti mwachiritsa miyala ya bwana?"

Lemani adapukutira zala zake pathalauza.

Lefina adakumbukira mawu a Patrick: tizilombo tosaoneka ndi maso. Ngati tamoyo sitioneka, takufa adzationa ndani msanga? Adatenga chitsotso, nakolokosa tinyongolotsi tonse m'mabowo, n'kukakwirira kudzala. Kenako adabweza miyala mumgolo umodziumodzi.

Adatsimikiza mumtima kuti mawa alawirira kumjigo monga mwa masiku onse. Azisenzera madzi miyala yakufayo, aziithirira mchere, kapitawo akafunsa aziti fungo latha, ikuchira. Azitero osaphonya tsiku, mpaka belo lomaliza la fodya wawo litakwera lole.